Uchi wa mtondo ndi nkhokwe ya njuchi, ofula asamalize wonse

CHIFUNDE. Mvula ikangosiya mu Epulo, anthu a m'midzi ya ku Mualadzi ndi ku N'sadzo maso awo amakhala pa chimanga chimene chikuuma m'minda ndi fodya amene ali m'zigafa. Koma munthu wodutsa m'nkhalango dzuwa litakwera pang'ono amamva phokoso m'nsonga za mitengo. Zimenezo ndi njuchi zili pa maluwa a mtondo ndi mchenga. Nazonso zili pa masika awo, ndipo zikudziwa kuti chisanu chayandikira.

M'nkhalango za boma lino mitengo ikuluikulu yopatsa uchi imachita maluwa kawiri pa chaka. Mombo ndi mitengo ina ya mtundu wake imamasula dzuwa likatentha, kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Mtondo ndi mchenga zimadikira mpaka mvula ili kumapeto, ndipo maluwa ake amafika mpaka mu Meyi. Pakati pa nyengo ziwirizi pali miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti pamene tchire lauma, mphepo ya mwera ikuomba, ndipo maluwa ali apa ndi apo. Uchi umene njuchi zimaika pa maluwa a mtondo ndi umene zimadya m'miyezi imeneyi, monga momwe mayi wanzeru amafutsira ndiwo zamasamba kuti banja lidzadye m'chilimwe.

Alimi a njuchi a ku Ulaya nawonso amaidziwa nkhani imeneyi. Kumeneko kuli chomera choyanga pa makoma ndi pa mitengo chimene Apwitikizi amachitcha hera, chimene chimachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala pamene zina zonse zafota. Njuchi zawo zimadzaza nacho zisa zisanatsekeredwe ndi chisanu. Kuno ntchito ya hera ikugwiridwa ndi mtondo.

Vuto ndi lakuti nthawi imene mng'oma walemera, mu Meyi ndi Juni, ndi nthawi yomweyo imene wofula uchi amakwera mu mtengo. Uchi uli ndi msika, pa mseu wopita ku Cassacatiza ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Chanida ndi ku Katete, ndipo ophika mowa amaufuna. Tsono munthu amabwera usiku ndi muuni wa udzu, natsegula mng'oma mbali zonse ziwiri, nakokolola chilichonse: zisa za uchi, zisa za mungu, ngakhale za ana a njuchi zomwe. Akamatsika ndowa yadzaza, iye ali wokondwa. Mu Seputembala, mombo utamasula, amabwerera nakapeza mng'oma uli gwaa, muli akangaude ndi mphemvu. Ena amati wina wamuchita chipongwe. Palibe wachita chipongwe, njuchi zinathawa njala.

Njuchi za ku Africa kuno sizikakamira malo opanda chakudya. Zikaona kuti nkhokwe yatha zimasiya mng'oma zonse pamodzi ndi make wawo kukafuna kwina, ndipo zambiri zimafera m'njira. Zimene zatsala mu mng'oma zimakhala ndi ntchito yaikulu usiku wa Juni ndi Julayi, makamaka kumtunda kufupi ndi malire a Zambia kumene kumazizira kuposa kuchigwa. Malo amene muli ana ayenera kukhala ofunda pafupifupi madigiri 35 usana ndi usiku. Njuchi zimaunjikana pa zisa ndi kumanjenjemeretsa minofu ya mapiko kuti pakhale kutentha, ndipo nkhuni za moto umenewu ndi uchi basi. Chakudya chikachepa make amachepetsa kuikira mazira, ndipo njuchi zazimuna, zimene sizipita kumaluwa, zimapirikitsidwa pakhomo. Njuchi yantchito pa nthawi ya maluwa imakhala moyo milungu 6 yokha, choncho mng'oma umene wakhala miyezi iwiri wopanda ana umafika pa maluwa a mombo uli ndi antchito ochepa.

Akuluakulu amene anakulira pa ntchitoyi amatsegula mng'oma mbali imodzi yokha, kumbuyo, kumene njuchi zimasunga uchi wokhwima. Amadula zisa zimene zatsekedwa ndi phula, ndipo akangoona chisa choyamba chokhala ndi mungu kapena ana amabweza mpeni. Zisa ziwiri kapena zitatu za uchi zoyandikana ndi ana amazisiya. Chaka chimene mtondo sunachite bwino maluwa, safula konse. Utsi amagwiritsa ntchito wozizira, wa zitsononkho kapena ndowe zouma za ng'ombe, osati malawi amene amawaula njuchi mapiko.

Atatha kufula, ntchito yotsala ndi yochepa koma ndi imene ambiri amainyozera. Chivindikiro chibwezeredwe bwino ndipo ming'alu imatidwe ndi dothi kuti mphepo isalowe. Khomo lichepetsedwe, chifukwa khomo lalikulu limalowetsa chisanu, mbewa ndi abuluzi. Mng'oma wopachikidwa pa waya, kutali ndi thunthu, umavuta chiuli kuti achiphwasule, ndipo phulusa pa tsinde kapena girizi pa waya zimabweza linthumbu. Mitsinje ing'onoing'ono ikaphwa, mbale ya madzi yoikamo timitengo kuti njuchi ziterepo imathandiza kuti zisamavutitse amayi pa chitsime.

Koma mdani wamkulu wa miyezi imeneyi ndi moto. Anyamata osaka mbewa akayatsa tchire mu Julayi ndi Ogasiti, moto umatentha maluwa ochepa amene anatsala, ndipo utsi wokha ndi wokwanira kuthamangitsa njuchi. Kulambula udzu mozungulira mtengo wa mng'oma ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Nyakwawa ikalankhula za moto pa msonkhano wa mudzi, eni ming'oma ndiwo ayenera kukhala oyamba kuiyikira kumbuyo.

Pafupi ndi midzi njuchi sizisowa chotola ngati anthu sanazule zonse. Deliya wa m'mbali mwa mseu ndi chisoso zimapitiriza maluwa mvula itatha, nandolo amamasula m'nyengo yozizira, ndipo mango amayamba maluwa chisanu chili kumapeto. Mlimi amene ali ndi nandolo m'munda ndi mango pakhomo wadyetsa njuchi zake osagula shuga. Amene amapopera mankhwala pa thonje kapena m'dimba achite madzulo njuchi zitabwerera.

Palinso nkhani ina imene ofula uchi sakonda kuimva. Mng'oma wabwino wa khungwa umasendedwa ku mtondo, mtengo womwewo umene njuchi zimadalira, ndipo mtengo wosendedwa mozungulira umauma. Kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ku Kabompo ndi ku Mwinilunga, uchi wa m'ming'oma ya makungwa umagulitsidwa mpaka ku Ulaya, koma kumeneko nkhalango ndi yaikulu. Ku Chifunde kuno, chiyambire kubwerera kwa anthu kuchokera ku Ukwimi ndi ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, minda yakula, ndipo zigafa za fodya ndi makala zikudya mitengo chaka ndi chaka. Mng'oma wa matabwa wokhala ndi timitengo pamwamba, pamene njuchi zimamangapo chisa chimodzichimodzi, umafuna ndalama ndi kalipentala, koma umalola mwini wake kutukula chisa, kuona ngati muli ana, ndi kuchibwezera. Amene sangathe kugula matabwa angathe kugoba chipika cha mtengo umene unagwa kale, ndi kusamala mng'oma wakale wa khungwa poufolera udzu kuti usaole msanga.

Mombo ukadzayamba kuphukira masamba ofiira mu Seputembala, ming'oma imene inasiyiridwa uchi idzakhala ikuwira njuchi pakhomo, ndipo eni ake adzafulanso mvula yoyamba ikamagwa.