Mawu ndi Mtengo pa Misika ya Ndalama Zakale ya pa Intaneti

Pa misika yathu munthu sagula nkhuku asanainyamule kuti amve kulemera kwake, ndipo mayi salipira nsalu asanaifikise m'manja. Komabe pali msika wina umene wogula amatulutsa ndalama zambiri pa katundu amene wangomuona pa chithunzi, kuchokera kwa munthu amene sadzakumana naye. Uwu ndi msika wa pa intaneti wa ndalama zachitsulo zakale ndi zosowa, zimene anthu amazisonkhanitsa ndi kuzisunga ngati chuma komanso ngati mbiri. Mu chimangirizo chino ndifotokoza mitundu ya misikayi, zimene zimakweza mtengo wa khobidi, ndi njira zimene akathyali amaberamo anthu. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti pamene dzanja silingafike, ntchito ya dzanjalo imagwiridwa ndi mawu ndi manambala. Choncho amene sadziwa tanthauzo la mawuwo ndi amene amagwa m'mbuna, kaya ndi wogula kapena wogulitsa.

Poyamba, misikayi tingaigawe patatu. Mtundu woyamba ndi wa misika ya aliyense. Waukulu mwa yonse ndi eBay, umene Pierre Omidyar anayambitsa ku America m'chaka cha 1995. Ku South Africa kuli wina umene unayamba m'chaka cha 1999 ndi dzina loti bidorbuy, ndipo tsopano umatchedwa Bob Shop. Pa misika yotereyi munthu wamba amajambula khobidi lake, n'kulemba mawu olifotokoza, kenako n'kuika mtengo wokhazikika kapena kulola ogula kuti apikisane kwa masiku angapo. Mtundu wachiwiri ndi wa masamba amene amasonkhanitsa masitolo a akatswiri okhaokha, monga MA-Shops ya ku Germany ndi VCoins. Kumeneku wogulitsa salowa chilowelowe, amayamba wavomerezedwa ndi eni tsambalo. Mtundu wachitatu ndi wa makampani a okushoni monga Heritage Auctions ya ku Dallas ndi Stack's Bowers. Awa amalandira katundu kwa mwini wake, amamuyesa okha, amamujambula, kenako amamugulitsa kwa amene watchula mtengo wapamwamba. Amene anaonapo malonda a fodya ku Kanengo sangavutike kumvetsa dongosololi, kungoti kuno opikisanawo amakhala pa makompyuta ndi pa mafoni m'maiko osiyanasiyana.

Palibe msika waulere mwa itatuyi. Pa eBay wogulitsa nthawi zambiri amadulidwa gawo loposa 10 peresenti ya ndalama zimene wapeza. Ku makampani a okushoni nayenso wogula amalipira zapamwamba, kawirikawiri 20 peresenti kapena kuposerapo. Ndiye kuti amene wapambana pa madola 100 amatulutsa madola 120, osawerengera zotumizira katunduyo. Kupatula misika itatuyi, malonda ena amachitikira m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp. Uko nthawi zambiri kulibe chodula, komanso kulibe mkhalapakati woti n'kumudandaulira zinthu zikalakwika.

Chachiwiri, tione chimene chimachititsa kuti khobidi lina ligulidwe mtengo wa nyumba pamene lina silingagule n'komwe botolo la zoziziritsa kukhosi. Anthu ambiri amaganiza kuti chinsinsi ndi ukale. Zoona zake n'zakuti makobidi amkuwa a mu ufumu wa Roma, a m'nthawi ya mfumu Constantine zaka zoposa 1,600 zapitazo, amagulidwa ndi madola ochepa chabe, chifukwa anasulidwa ochuluka zedi ndipo akufukulidwabe mpaka lero. Chimene chimalamula mtengo ndi kuchepa kwa makobidi amene atsala, kuchuluka kwa anthu owafuna, mmene khobidilo lasungikira, ndi mbiri yake.

Chitsanzo chodziwika ndi ndalama yagolide ya ku America ya madola 20 ya m'chaka cha 1933, yotchedwa Double Eagle. Zinasulidwa 445,500, koma chaka chomwecho boma la Franklin Roosevelt linaletsa anthu kusunga golide wambiri, ndipo pafupifupi zonse zinasungunulidwa zisanatuluke. Imodzi yokha, imene amati inadutsa m'manja mwa mfumu Farouk ya ku Egypt, ndi imene lamulo limalola munthu kukhala nayo. Inagulitsidwa pa madola pafupifupi 7.6 miliyoni m'chaka cha 2002, ndipo m'chaka cha 2021 kampani ya Sotheby's inaigulitsanso ku New York pa madola 18.9 miliyoni. Chitsanzo chaching'ono ndi khobidi la mapeni 50 la ku Britain la m'chaka cha 2009 lokumbukira munda wa Kew Gardens. Anasula 210,000 okha, ndipo lakhala likugulidwa ndi mapaundi oposa 100 ngakhale kuti si lakale. Tiyerekeze zimenezi ndi khobidi la marandi 5 limene South Africa inatulutsa m'chaka cha 2008 pokondwerera zaka 90 za Nelson Mandela. Awa anasulidwa pafupifupi 22 miliyoni. Ngakhale kuti ena amawaika pa intaneti pa mitengo yododometsa, lomwe layenda kale m'matumba mwa anthu mphamvu yake ndi marandi 5 omwewo.

Apa pakutuluka phunziro loyamba la chiyankhulo cha msikawu: mtengo wotchula ndi wosiyana ndi mtengo wogulira. Aliyense ali ndi ufulu wolemba kuti khobidi lake ndi la madola 50,000, ndipo tsambalo silimuletsa. Wina amajambula chilengezocho n'kuchifalitsa pa foni, anthu n'kuyamba kukhulupirira kuti m'chikwama cha agogo muli chuma. Pa eBay pali malo oonera katundu amene anagulidwa kale ndi mtengo umene unalipiridwa, ndipo makampani a okushoni amasunganso zotsatira za malonda awo akale. Umboni weniweni wa mtengo uli pamenepo.

Chachitatu, ndifotokoze za magiredi, amene kwa ine monga wophunzira za ziyankhulo ndiwo mtima wa nkhaniyi. Mawu oti chinthu ndi "chabwino" alibe malire. Chabwino kwa wogulitsa chikhoza kukhala chachabe kwa wogula. Pofuna kuthetsa vutoli, m'chaka cha 1949 William Sheldon anakonza muyeso wa manambala kuyambira 1 mpaka 70, umene pambuyo pake unafalikira pa makobidi a mitundu yonse. Nambala 1 ndi khobidi lofufutika moti limangozindikirika movutikira. Nambala 70 ndi lopanda banga lililonse ngakhale uliyang'ane pa galasi lokulitsa. Kuyambira 60 mpaka 70 ndi makobidi amene sanayendepo m'manja mwa anthu, ndipo patsogolo pa nambalayo amalembapo zilembo MS. Pa makobidi ena osowa, kusiyana kwa nambala imodzi yokha, monga MS-64 ndi MS-65, kumatha kuwirikiza mtengo kawiri kapena kuposa.

Chochititsa chidwi n'chakuti mawu a Chingerezi amene amayenda ndi manambalawa anasiya tanthauzo lawo la masiku onse. Khobidi lotchedwa "Good" lili pa nambala 4 kapena 6, kutanthauza kuti ndi loperepeseka kwambiri, nkhope ndi zilembo zatsala pang'ono kufufutika. Lotchedwa "Fine" lili pa 12 kapena 15, lakadali kutali ndi 70. Munthu wodziwa Chingerezi cha kusukulu akhoza kuwerenga "Very Good" n'kuganiza kuti wapeza chamtengo wapatali, chikhalirecho ndi nambala 8 kapena 10. Wogulitsayo sananame, wangoyankhula chiyankhulo cha gulu lake. Izi n'zimene timaphunzira m'kalasi, kuti liwu limatenga tanthauzo kuchokera kwa anthu amene akuligwiritsa ntchito ndi malo amene akuligwiritsira ntchito. Mosiyana ndi amenewa, mawu monga "rare", otanthauza chosowa, alibe nambala kumbuyo kwake. Aliyense amawalemba mmene wafunira, choncho pa msikawu ndi mawu opepuka ngati mankhusu.

Koma kodi nambalayo amapereka ndani? Wogulitsa akamadzipatsa yekha giredi, zimakhala ngati mlimi wadzilembera yekha giredi ya fodya wake. N'chifukwa chake kunabadwa makampani oima paokha oyesa makobidi, monga PCGS m'chaka cha 1986 ndi NGC m'chaka cha 1987. Mwini khobidi amalitumiza kumeneko n'kulipira. Akatswiri amaona ngati ndi lenileni, amalipatsa giredi, kenako amalitsekera m'kabokosi kapulasitiki koonekera mkati, kokhala ndi nambala yakeyake. Wogula ali ku Tokyo akhoza kulemba nambalayo pa tsamba la kampaniyo n'kuona ngati ikugwirizana ndi khobidi limene wina akugulitsa ku London. Tinganene kuti makampaniwa anakonzera intaneti njira isanabwere, chifukwa anachititsa kuti anthu osadziwana akhulupirire nambala imodzi.

Chachinayi, chinyengo sichisowa pamene pali ndalama. Chofala kwambiri ndi makobidi abodza, osulidwa masiku ano n'kuwadetsa kuti aoneke akale. Ku America lamulo la m'chaka cha 1973 limafuna kuti khobidi lotsanzira lidindidwe mawu oti COPY, koma akuba salabada zimenezo. Ena amafika potsanzira ngakhale kabokosi kapulasitiki kaja, n'chifukwa chake kuyerekeza nambala ndi chithunzi cha pa tsamba la kampani n'kofunika. Njira ina yodzitetezera ndi sikelo ndi maginito. Mwachitsanzo, dola yasiliva ya ku America yotchedwa Morgan imalemera magalamu 26.73, ndipo siliva sakokedwa ndi maginito. Ikamata pa maginito, kapena ikapepuka kwambiri, ndiye kuti ndi yabodza. Chinyengo china ndi cha zithunzi: kuba chithunzi cha khobidi la wina, kapena kujambula mopendeketsa kuti kuwala kubise zokalika. Palinso ogulitsa amene amauza anzawo kuti azitchula mitengo yabodza pa okushoni kuti wogula weniweni akwere nawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nawonso ogulitsa amaberedwa. Njira yodziwika ndi ya munthu amene amalemba uthenga kuti ndi wokonzeka kugula khobidi pa mtengo waukulu, koma mwini wake ayambe watumiza kandalama kolembetsera kapena koyesera katunduyo. Ndalamayo ikangopita, wogula uja amazimiririka. Ena amadziwononga okha pokwecha khobidi ndi phulusa kapena mchenga kuti liwale. Kwa osonkhanitsa, khobidi lotsukidwa ndi lowonongeka, ndipo makampani oyesa aja salipatsa nambala, amangolembapo kuti linatsukidwa. Pamenepo mtengo umatsika kwambiri.

Nkhaniyi ikutikhudza nafenso. M'nyumba zambiri muno m'Malawi muli makobidi a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, monga peni yoboola pakati yokhala ndi njovu ziwiri, imene inayamba kusulidwa m'chaka cha 1955. Mulinso masheleni a m'chaka cha 1964 okhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anagwira ntchito kwacha ndi tambala zisanabwere m'chaka cha 1971. Makobidiwa ndi mboni za mbiri yathu, ndipo amapezekadi pa misika ya pa intaneti. Koma ambiri anasulidwa mamiliyoni, ndipo amene anayenda m'manja mwa anthu amagulidwa ndi madola ochepa, mwina osakwanira kulipirira positi yopita kunja. Amene akufuna kudziwa za khobidi lake angayambire pa tsamba la Numista, limene limasonyeza chaka, chitsulo, kulemera, ndipo nthawi zambiri ndi chiwerengero cha makobidi amene anasulidwa.

Pomaliza, ndafotokoza kuti misika ya pa intaneti ya ndalama zakale ili m'magulu atatu, ndipo imasiyana pa kuchuluka kwa chitetezo chimene wogula amapeza. Ndasonyezanso kuti mtengo umachokera ku kusowa, kufunika, kasungidwe ndi mbiri ya khobidi. Koposa zonse, malondawa aima pa mawu amene anthu anagwirizana tanthauzo lake. Choncho munthu asanatumize ndalama kapena khobidi lake, afunse mafunso atatu awa: anasulidwa angati, giredi yake anapereka ndani, ndipo lofanana nalo linagulidwa pa mtengo wanji? Wogulitsa kapena wogula amene akuzemba mafunso amenewa ndi wofunika kumutalikira, pakuti safunsa anadya phula.