Za Kuphunzitsa Maina ndi Zinthu Zogwirika

Aphunzitsi anzathu, ambiri a ife tidandaula kuti ana aloweza magulu a maina lero, koma tikawafunsa m'mawa mwace, zonse zauluka. Colakwa si ca ana ai. Ndife tawapatsa lamulo asanaone cinthu cimene lamulolo licinena. Pestalozzi, mphunzitsi wa ku Switzerland amene anamwalira m'caka ca 1827, analimbika pa ici, kuti mwana ayambe waona ndi kukhudza, ndipo mau atsate pambuyo.

Tsono tiyese cotere. Tidze ku sukulu ndi mipeni iwiri, makasu awiri, ndi mazira awiri. Cimodzi cokha sicikwanira, pakuti gulu la dzina libisala kufikira zinthu zitacuruka. Taonani: mwana anena "mpeni wathu," monga anenanso "mnyamata wathu," nayesa kuti maina awiriwa ali a gulu limodzi. Koma timpatse mpeni waciwiri, ndipo pakamwa pace padzaturuka "mipeni yathu", tiimike anyamata awiri patsogolo pace, adzati "anyamata athu." Lamulo walipeza yekha, ife tisanalembe kanthu pa bolodi.

Khasu litithandizanso pa kalembedwe. Ana ambiri alemba "makhasu," poganiza kuti angoonjeza "ma." Mwana aike cikhato cace pafupi ndi pakamwa, nanene "khasu" poloza limodzi, "makasu" poloza onse awiri. Poyamba adzamva mpweya uomba m'dzanja; kaciwiri sadzaumva. Pamenepo adziwa cimene cilembo ca h ciimira. Dzira nalonso litaya d wace, likhala mazira; tsamba likhala masamba. (Mazirawo akhale ophika, tanena ici titaona zina.)

Pa ziwiya za m'nyumba tidzicepetse, pakuti atsikana atiposa. Ife amuna tingathe kuchula mbiya iri yonse mphika, koma iwo adzatiuza msanga kuti mtsuko ndi wotungira madzi, ndipo mphika ndi wophikira. Tiwalole anene, ena a iwo sanayankhulepo m'sukulu ndi kale lonse.

Ndiponso tisunge mwambo. Mwana alandire cinthu ndi manja awiri, monga acita kwao. Mthiko kapena cipande tisatume mwana kukatenga mobisa. Tipemphe kwa amace ife eni, ndipo tibweze nthawi yophika nsima isanakwane.