Bambo wabwino amene anaphetsa ana a eni: tiphunzire kusanthula sewero la tsoka



Ophunzira ambiri akafunsidwa za mtengambali wamkulu wa m'sewero la tsoka amayankha mwachidule kuti anali munthu woipa, n'chifukwa chake anafa. Yankho lotere silipatsa malikisi, komanso limaphonya phunziro lenileni. Munthu woipa kotheratu akagwa, oonera amaomba m'manja. Sewero la tsoka limafuna munthu amene tikumumvetsa, mwinanso kumukonda, koma ali ndi chilema chimodzi chimene chikumukokera kuphompho. Kuti mfundoyi imveke, tiyeni tione sewero la All My Sons, limene analemba Arthur Miller wa ku America. Linaonetsedwa koyamba ku New York mu Januwale 1947, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha.

Nkhani yake ili motere. Joe Keller ndi bambo wa zaka pafupifupi 60, sanapite patali ndi sukulu, koma anadzilimbikira mpaka kukhala ndi fakitale. Pa nthawi ya nkhondo, fakitaleyo inkapangira asilikali zitsulo za pamutu pa injini za ndege, zimene amakaniko amati silinda hedi. Tsiku lina zitsulo zina zinatuluka ndi ming'alu. Joe anauza mnzake wa bizinesi, Steve Deever, pa telefoni kuti amate ming'aluyo ndi kutumiza katunduyo, iye n'kukhala kunyumba ponamizira kudwala. Ndege zinagwa, oyendetsa 21 anafa. Kukhoti Joe anakana kuti analamula zimenezi, ndipo atachita apilo anamasulidwa. Steve anatsala m'ndende.

Joe ndi mkazi wake Kate anali ndi ana awiri aamuna. Larry, woyendetsa ndege, anasowa kunkhondo zaka zitatu zapitazo. Chris anabwerako wamoyo, ndipo tsopano akufuna kukwatira Ann, mwana wa Steve yemwe uja, amene poyamba anali chibwenzi cha Larry. Sewero lonse likuchitikira kuseri kwa nyumba ya banjali, kuyambira m'mawa mpaka usiku wa tsiku lotsatira lisanache.

Funso loyamba posanthula ndi ili: n'chifukwa chiyani Joe tikumutcha mtengambali wa tsoka, pomwe si mfumu kapena mkulu wa asilikali ngati Macbeth? Kalekale Aristotle wa ku Greece anaphunzitsa kuti munthu wotere akhale wolemekezeka, asakhale wangwiro kapena woipitsitsa, ndipo agwe chifukwa cha kulakwitsa kwake. Miller, m'nkhani imene analemba mu 1949, ananena kuti munthu wamba nayenso angathe kunyamula tsoka lofanana ndi la mafumu. Ufumu wa Joe ndi khomo lake ndi fakitale yake. Ndi wansangala, amaseweretsa ana a m'dera lake, ndipo chilichonse chimene anapeza akufuna kusiyira Chris.

Funso lachiwiri: chilema chake n'chiyani? Ambiri amathamangira kunena kuti ndi dyera. Koma mukawerenga mofatsa muona kuti Joe sadzionera yekha. Akuti anachita zonse chifukwa cha banja, poopa kuti akataya ntchito ya asilikali fakitale itsekedwa, ana n'kusowa cholowa. Chilema chake n'chakuti chikondi chake chimathera pa mpanda wa nyumba yake. Amadzitonthoza kuti Larry sankayendetsa ndege za mtundu umene unagwa uja, ngati kuti anyamata 21 aja analibe makolo.

Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja, zimenezi si zachilendo. Taganizani mwini boti amene waona kuti thabwa lapansi lang'aluka, koma usipa wachuluka ndipo fizi ya ana ikufunika. Amata pamwamba, n'kutumiza alovi panyanja usiku, mwana wake n'kumusiya kumtunda. Mwera ukauka, adzati ankafunira banja zabwino. Sakunama, koma aloviwo nawonso ndi ana a anthu.

Funso lachitatu: mkangano wa m'banja ukugwira ntchito yanji? M'seweroli khoti linalephera kutulutsa choona, koma banja linachitulutsa. Pali mikangano itatu yolukana. Woyamba ndi wa Kate ndi Chris pa za ukwati. Kate akukana kuti Chris atenge Ann, akuti Larry adzabwera. Poyamba timaona ngati ndi chisoni chabe cha mayi. Kenako timazindikira kuti Kate akudziwa zimene mwamuna wake anachita, ndipo mumtima mwake kuvomereza kuti Larry anafa n'kuvomereza kuti bambo anapha mwana wake. Wachiwiri ndi wa mabanja awiriwa. George, mlongo wake wa Ann, akubwera kuchokera kundende kumene wamva mbali ya bambo ake. Atatsala pang'ono kunyengereredwa ndi chakudya ndi mawu okoma, Kate akutulutsa mosazindikira zoti Joe sanadwalepo kwa zaka 15. Bodza la matenda lija likugwera pomwepo. Wachitatu, umene uli pachimake pa sewero, ndi wa Joe ndi Chris. Chris anaona asilikali anzake akuferana kunkhondo, choncho kwa iye udindo wa munthu umafika kwa aliyense. Kwa Joe umafika kwa a m'nyumba mwake basi. Onse awiri amakondana, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo ukuwawa.

Musamuyese Chris woyera. Iye mwini akuvomereza kuti ankakayikira bambo ake, koma anakhala chete n'kumadya ndalama za fakitale. Wophunzira amene waona zimenezi wasanthula mozama kuposa amene wangogawa anthu kukhala abwino ndi oipa.

Funso lachinayi: kodi mtengambaliyo akufika pozindikira? Popanda kuzindikira, imfa yake ikanakhala ngozi wamba. Ann akutulutsa kalata imene Larry anamulembera tsiku lomaliza. Larry anawerenga m'nyuzipepala za mlandu wa bambo ake, manyazi anamukulira, ndipo anaganiza zosabwerako. Apa Joe akuona kuti mwana amene ankati akumugwirira ntchito anaphedwa ndi ntchito yomweyo, komanso kuti kwa Larry, anyamata 21 aja anali ngati ana a Joe. Dzina la seweroli, limene tingalimasulire kuti "ana anga onse", likuchokera pamenepa. Joe akulowa m'nyumba n'kudziwombera.

Mathero amenewa afunika kuwanenapo mosabisa, popeza makolo ena amada nkhawa ana akamawerenga zotere. Kuonetsa chinthu pabwalo la zisudzo si kuchivomereza. Ife Asilamu timadziwa kuti kudzipha n'koletsedwa, ndipo sewerolo palokha likuonetsa kuti sikunakonze kanthu: pamene likutha, Steve adakali m'ndende, Kate ndi wamasiye, Chris watsala ndi mtolo. Njira imene Joe anaikana kwa zaka zonsezo ndi imene timaitcha tawba: kuvomereza kulakwa, kuleka, ndi kubweza ufulu wa amene wamulakwira. Ndime 135 ya Surat An-Nisa imatilamula kuima pa chilungamo ngakhale umboniwo utatsutsa ife eni, makolo athu kapena abale. Ndi mtolo womwewo umene Chris akulimbana nawo: kulemekeza bambo popanda kubisa choipa chawo.

Ophunzira, mafunso anayiwa muwagwiritse ntchito pa sewero lililonse la tsoka, kaya ndi la m'kalasi kapena limene mukukonzekera kupita nalo ku mpikisano wa ATEM. Munthuyo ali ndi ulemu wanji woti n'kuutaya? Chilema chake n'chiyani, ndipo chikubisala mu khalidwe labwino liti? Ndani wa m'banja akumutsutsa, ndipo aliyense akuteteza chiyani? Akuzindikira liti, ndipo n'chifukwa chiyani kuzindikirako kwachedwa? Yankho lililonse mulipatse umboni wa zochitika m'sewerolo, osati maganizo anu okha.

Makolo, ambiri a ife timagwira ntchito ndi sikelo, ukonde, galimoto kapena mzimbe, ndipo timati zonse n'za ana. Ana amaona kumene ndalama zikuchokera, ngakhale asafunse. Joe Keller anasiyira mwana wake fakitale, koma mwanayo ankafuna bambo amene angatchule dzina lake pagulu osaweramitsa mutu. Allah atipatse rizki loyera ndi ana otiuza choona mwaulemu.