Mapangano Awiri a Mkuwa wa Zambia

Mlimi aliyense adziwa kuti munthu wogulitsa ng'ombe m'caka ca njala sachula mtengo. Amachula ndi wogula, popeza iye angathe kudikira pamene wogulitsa ana ake akulira. Zotere zimacitikanso pamene maiko akhala pansi kukambirana. Nthumwi zimakhala pa mipando yofanana, koma mphamvu zimene zasiya kumbuyo kwao sizilingana. Mbiri ya mkuwa wa dziko lathu ionetsa bwino zimenezi.

M'caka ca 1890 Litunga Lewanika, mfumu yaikulu ya Alozi, anali pa nkhawa. Kumwera kunali nkhondo ya Amandebele a Lobengula, ndipo kwao komweko anali atalandidwapo ufumu m'caka ca 1884 nkuubwezanso ndi nkhondo. Cimene anafuna ndico citetezo ca Mfumukazi Victoria ya ku Mangalande. Koma amene anafika ndi Frank Lochner, mtumiki wa kampani ya Cecil Rhodes yochedwa British South Africa Company, nalola Lewanika kukhulupirira kuti akukambirana ndi Mfumukaziyo. Pepala linalembedwa m'cinenero ca Lochner, malinga ndi malamulo amene Lochner yekha anawadziwa. Lewanika anapereka ufulu wokumba miyala ya pansi pa nthaka, nalonjezedwa citetezo ndi mapaundi 2,000 pa caka. Atazindikira kuti wapangana ndi amalonda anadandaula kwambiri, koma panalibe bwalo lomvera dandaulo lake. Kazembe amene anamlonjeza anafika patapita zaka 7.

Pa mapepala otere kampani inaimika cuma cake. Inati mkuwa wa ku Copperbelt ngwake, ngakhale kuti dera limenelo ndi la Alamba, kumene ulamuliro wa Lewanika sunafikeko. Inaleka kulamulira dziko mu 1924, koma ufulu wa miyala inaugwiritsa, ndipo aliyense wokumba mkuwa anayenera kuilipira. Pangano la mu 1950 linailola kupitiriza kudya ndalamazo kufikira 1986, nkumapatsako boma mapaundi 20 okha pa 100 alionse.

Tsono m'caka ca 1964 mphepo inatembenuka. Boma la a Kenneth Kaunda, lomwe nduna yake ya zacuma anali a Arthur Wina, linafufuza mapepala akale aja nkulengeza poyera kuti maziko ake ngokaikitsa. Linacenjezanso kuti kampani ikakana kumvana, dziko likadzalandira ufulu lidzasintha malamulo ndi kutenga miyalayo popanda kulipira ngakhale khobidi. Boma la Britain, limene linali mthunzi wa kampaniyo kwa zaka zambiri, linali kulongedza katundu, ndipo silinafune kusiya mkangano ndi dziko latsopano cifukwa ca amalonda. Tsopano wofulumira anali kampani. Tsiku lililonse lopita linali kucepetsa mtengo wa cimene inali kugulitsa.

Nkhaniyi inatha pa 23 October 1964 mu Lusaka, patatsala maola owerengeka kuti mbendera ya atsamunda itsitsidwe. Kampani imene poyamba inayembekezera ndalama zoculuka kopambana inabvomera mapaundi 4 miliyoni: awiri ocokera ku Britain, awiri ocokera ku Zambia.

Tisaganize kuti nthumwi za mu 1964 zinali zanzeru kuposa Lewanika. Iye anali mfumu yocenjera, imene inasunga ufumu wake pamene maufumu ena anagwa ndi mfuti. Cosiyana ncakuti a Kaunda ndi anzao anali ndi akatswiri owerenga mapepala, anali ndi Nyumba ya Malamulo yodzasintha lamulo, ndiponso anali okhoza kunyamuka pa mpando osasaina. Lewanika analibe ciliconse ca izi. Komabe mphamvu yakale siitha tsiku limodzi: dziko lobadwa kumene, losowa masukulu ndi zipatala, linaturutsa mapaundi 2 miliyoni kuombola mkuwa wa m'nthaka yake yomwe.