Kamisolo yothina ingabweretse mavuto kwa mayi woyamwitsa

LILONGWE – Mayi woyembekezera akamayandikira masiku ake, anamwino a kusikelo amamukumbutsa zoti adzatenge kuchipatala, monga zitenje, beseni ndi zovala za mwana. Kamisolo, chovala cham'kati chogwira mabere chomwe m'matauni ambiri amachitcha bra, siitchulidwa kawirikawiri pamndandandawu. Komatu chovalachi chikakhala chosayenera chingathe kusokoneza kuyamwitsa m'masabata oyambirira, nthawi yomwe mwana amadalira bere lokha.

Vuto lagona pakuti thupi la mayi limasintha kangapo m'chaka chimodzi. Mabere amayamba kukula, kulemera ndi kupweteka akakhudzidwa kuyambira m'miyezi itatu yoyamba ya pakati. Mwana akamakula m'mimba, nthiti nazo zimafutukuka, moti chifuwa chimatha kuwonjezeka ndi masentimita 5 mpaka 7 kuzungulira. Pakadutsa masiku awiri mpaka anayi mayi atachira, mkaka umabwera wambiri ndipo mabere amadzaza ndi kulimba. Amadzayamba kufewa ndi kukhazikika pakatha masabata 6 mpaka 12. Choncho kamisolo yomwe inkakwana bwino mayi asanaime imakhala itayamba kale kumuluma pofika mwezi wachinayi kapena wachisanu.

Mkaka umayenda m'tinjira ting'onoting'ono tofewa tomwe timathera kunsonga ya bere. Chovala chikamadina malo amodzi tsiku lonse, malowo amatupa, tinjira timapanikizika ndipo mkaka sutuluka bwino. Pamabwera kachotupa kowawa, ndipo kakapitirira bere limatentha, mayi amamva malungo ndi kuphwanya kwa thupi. Madokotala amatcha matendawa mastitis. Lipoti lomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization lidatulutsa m'chaka cha 2000 lidasonyeza kuti amayi ambiri odwala matendawa amawadwala m'masabata 12 oyambirira, ndipo lidatchula zovala zothina pakati pa zinthu zomwe zimalepheretsa mkaka kutuluka. Chomwe chimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi kusayika bwino mwana kubere ndi kuyamwitsa modumphadumpha, koma chovala n'chimene mayi angathe kusintha tsiku lomwelo.

Bere likamawawa, amayi ena amasiya kuyamwitsa n'kuyamba kupatsa khanda phala kapena mkaka wam'chitini. Mkaka wam'chitini ndi wokwera mtengo, ndipo kumene madzi aukhondo ndi osowa umaika mwana pachiopsezo cha kutsegula m'mimba. Kuyambira m'chaka cha 2001, WHO imalangiza kuti mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi kupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo uku akudya zakudya zina.

M'maiko a kum'mwera kwa Africa nkhaniyi ikukhudzanso HIV. Kafukufuku yemwe adachitika mumzinda wa Blantyre, n'kusindikizidwa m'chaka cha 1999, adapeza kuti amayi omwe ali ndi HIV ndipo mabere awo ndi otupa amakhala ndi tizilombo tambiri mumkaka kusiyana ndi anzawo. Zinthu zidasintha kwambiri kuchokera pamene dziko la Malawi lidayamba, m'chaka cha 2011, kupereka mankhwala a ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachilomboka, njira yomwe maiko oyandikana nawo adatengerapo. Ngakhale zili choncho, bere lotupa kapena losweka nsonga si chinthu chomwe mayi wotere angachinyalanyaze.

Amayi ena amamanga mabere mothina mwadala poopa kuti agwa chifukwa choyamwitsa. Chikhulupirirochi n'chofala, koma chilibe umboni. Madokotala a pa University of Kentucky ku America, motsogozedwa ndi Brian Rinker, adafalitsa m'chaka cha 2008 zomwe adapeza, zakuti kugwa kwa mabere kumayenderana ndi msinkhu wa mayi, kuchuluka kwa mimba zomwe watenga, kunenepa komanso kusuta fodya. Kuyamwitsa sikudapezeke kuti kumawonjezera kalikonse. Mimba ndiyo imatamula khungu, kaya mwana adzayamwa kaya ayi.

Nanga yoyenera imadziwika bwanji? Chachikulu ndi lamba wozungulira pansi pa mabere, chifukwa ndiye amanyamula katundu wambiri, osati zingwe za m'mapewa monga ambiri amaganizira. Lambayu ayenera kukhala wotakata, wogona molingana kutsogolo ndi kumbuyo, komanso wolola zala ziwiri kulowa pansi pake. Akamakwera kumsana ndiye kuti ndi wamkulu, ndipo mayi amakakamizika kukoka zingwe mpaka zimamucheka m'mapewa. Akamasiya mzere wakuya pakhungu ndiye kuti ndi wamng'ono. Kathumba kogwira bere kayenera kuliphimba lonse, kuphatikizapo mbali ya kukhwapa kumene kulinso minofu yopanga mkaka. Bere likamasefukira pamwamba kapena m'mbali, mpofunika kathumba kokulirapo.

Nthawi yogulira nayo ili ndi nzeru yake. Mayi wogula mimba ili yaing'ono asankhe kamisolo yokwana pa ngowe zam'kati, kuti azimasula pang'onopang'ono nthiti zikamafutukuka. Wogula yoyamwitsira adikire mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo asankhe yokwana pa ngowe zakumapeto, chifukwa akachira chifuwa chimabwerera ndipo adzafunika kumanga. M'kathumba mutsale malo oti dzanja n'kulowa, podikira mkaka. Ndi bwino kuyesa kutsegula ndi dzanja limodzi, popeza linalo lidzakhala litanyamula mwana, yemwe m'masiku oyamba amayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa usana ndi usiku.

Za makamisolo okhala ndi waya, palibe kafukufuku wotsimikiza kuti waya payekha amadwalitsa. Komabe alangizi ambiri a zoyamwitsa amati ndi bwino kuwapewa m'masabata oyamba, chifukwa bere limasintha kukula kangapo patsiku pamene waya sasintha. Nsalu yathonje imaposa nailoni m'nyengo yotentha, poti imamwa thukuta ndipo nsonga za mabere sizikhala pachinyezi.

Malangizowa ndi osavuta kwa mayi wogula m'sitolo momwe muli chipinda choyesera. Amayi ambiri m'chigawo chino amagula zovala zogwiritsidwapo kale ntchito: kaunjika ku Malawi, salaula ku Zambia, calamidade ku Mozambique, mabhero ku Zimbabwe. Boma la Zimbabwe lidaletsa kuitanitsa zovala zam'kati zotere kumapeto kwa chaka cha 2011, ponena zaukhondo ndi ulemu wa amayi, koma zatsopano zoyamwitsira zimapezeka makamaka m'mizinda ndipo si onse angazikwanitse. Pamsika mayi sangavule n'kuyesa, ndipo manambala olembedwa pachovala amasocheretsa chifukwa mabelo amachokera kumaiko osiyanasiyana: lamba wolembedwa 36 ku Britain amalembedwa 80 ku Germany ndi 95 ku France. Chothandiza n'kudziyeza kunyumba ndi kachingwe pansi pa mabere, kumanga mfundo pomwe kakumana, n'kupita nako kumsika. Lasitiki akokedwe kuti aoneke ngati akubwerera. Lamba akachepa pang'ono, telala angathe kulumikiza kansalu ndi kusunthira ngowe pamtengo wochepa.

Palinso chizolowezi china chomwe chimaoneka m'minibasi ndi pamizere ya kusikelo. Mayi wovala kamisolo wamba amangoikwezera pamwamba pa bere n'kuyamwitsa, lamba uja n'kumadina bere kumtunda nthawi yonse yomwe mwana akuyamwa, moti mbali imeneyo siitulutsa mkaka bwino. Ndi bwino kumasula ngowe kaye kapena kutsitsa chingwe cha paphewa. Chitenje choberekera mwana nacho chikamangidwa molimba pa bere lomwelo tsiku ndi tsiku chingachite chimodzimodzi, choncho mfundo izisinthidwa mbali.

Palibe lamulo lachipatala lokakamiza mayi kuvala kamisolo. Yemwe akumva bwino popanda chovalachi, makamaka usiku, sakulakwitsa. Wofuna kugona nayo chifukwa mkaka ukudontha asankhe yofewa, aikemo kansalu koyera kathonje n'kumakasintha kakanyowa. Ziwiri kapena zitatu zimakwana, bola zizichapidwa ndi kuyanikidwa mpaka kuumiratu.

Kachotupa kakaoneka, malangizo omwe bungwe la madokotala la Academy of Breastfeeding Medicine lidakonzanso m'chaka cha 2022 ndi akuti mayi apitirize kuyamwitsa monga mwa nthawi zonse, aike nsalu yozizira pabere, avale kamisolo yokwana bwino yogwira bere popanda kulifinya, ndipo asalisisite mwamphamvu monga zinkalangizidwira kale, chifukwa kutero kumawonjezera kutupa. Ngati thupi latentha kopitirira tsiku limodzi, kapena bere likutulutsa mafinya kapena magazi, apite kuchipatala. Mayi yemwe ali ndi HIV asadikire tsikulo: akaonane ndi achipatala zizindikiro zikangoyamba, kuti amulangize ngati angapitirize kuyamwitsa bere lodwalalo kapena azilifinya mkaka n'kumapatsa mwana linalo mpaka lipole.