Chifukwa chake kompyuta yokayikitsa imazimitsidwa msanga

Mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe ena akuluakulu sadalira kompyuta imodzi. Amalumikiza makompyuta angapo kukhala gulu lotchedwa cluster, ndipo onsewo amasunga zinthu pamalo amodzi. Ina ikafa, inzake imapitiriza ntchito.

Makompyutawa amatumizirana kachizindikiro pafupipafupi kosonyeza kuti akugwirabe ntchito. Vuto limabuka imodzi ikangoti zii, chifukwa inzake singadziwe ngati yafadi kapena yangoduka nthambo yolumikizirana. Ngati ikadali moyo, makompyuta onse awiri amayamba kulemba pamalo amodzimodzi, iliyonse ikudziyesa mwini ntchito. Akatswiri amatcha vutoli split-brain. Zolembedwazo zimasokonekera, mwakuti ndalama za m'maakaunti a anthu kapena kaundula wa odwala zitha kuwonongeka popanda wozindikira msanga.

Njira yopewera zimenezi imatchedwa fencing, kutanthauza kutchingira kunja kompyuta yokayikitsa. Lamulo lake ndi lakuti inzake isayambe ntchitoyo isanatsimikize kuti yoyambayo siingalembenso kanthu.

Kutchingaku kuli pawiri. Njira yoyamba ndi kuithimitsira magetsi kudzera pa kachipangizo kapadera monga ka IPMI, komwe kamamvera ngakhale kompyutayo itauma. Njirayi imadziwika ndi dzina loti STONITH, chidule cha mawu a Chingerezi onena za kuwombera inzake m'mutu. Yachiwiri ndi kuisiya yoyaka koma kuitsekera njira yopita kosungira zinthu.

Kuti asazimitsane mwachisawawa, makompyutawa amatsata mavoti: mbali yomwe ili ndi oposa theka ndiyo imapitiriza ntchito. N'chifukwa chake akatswiri amakonda gulu la makompyuta atatu kusiyana ndi awiri.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Mu Disembala 2012, netiweki ya kampani ya GitHub ya ku America itasokonekera, ena mwa makompyuta ake osungira mafayilo, omwe ankagwira ntchito awiriawiri, anazimitsana okhaokha, ndipo ntchito inaima kwa maola angapo.

Ngakhale zili choncho, kampani ya Red Hat salonjeza chithandizo pa gulu la makompyuta lopanda fencing. Ntchito ikaima imayambiranso kompyuta ikayatsidwa, koma zolembedwa zikasokonekera zimafuna kubwezeretsedwa kuchokera ku makope akale, ndipo zatsopano zina zimatayikiratu.