Chikepe cha Autotronic: woyendetsa anachoka, fizikisi inatsala

Mukalowa m'chikepe lero mumangodina batani basi. Kale sizinali choncho ayi. M'chikepe munkakhala munthu wolembedwa ntchito yochiyendetsa, kuchiimitsa ndi kutsegula zitseko. Mu 1945 oyendetsawa atanyanyala ntchito ku New York, anthu a m'nyumba zazitali anasowa mtengo wogwira. Kukwera masitepe nsanjika makumi atatu si masewera.

Mu 1950 kampani ya Otis inaika zikepe za mtundu wa Autotronic m'nyumba ya Atlantic Refining mumzinda wa Dallas ku America. Zinkayenda popanda woyendetsa. Ubongo wake unali timaswitchi tamagetsi tambirimbiri totchedwa ma relay, tomwe tinkasankha chikepe choti chipite kwa woitana. M'mawa zinkalimbikira kukweza anthu, madzulo kuwatsitsa. Pang'ono ndi pang'ono ntchito ya oyendetsa aja inatha.

Nanga chinkakwera bwanji? Apa ndiye tcherani khutu. Pamwamba pa nyumba pamakhala mota yozunguza gudumu lokhala ndi tingalande. Zingwe zachitsulo zimangokoleka pagudumulo, osamangidwapo. Mbali imodzi kwalendewera chikepe, mbali inayo chitsulo cholemera chotchedwa counterweight. Chomwe chimakoka zingwe ndi friction, kugwirana kwa chingwe ndi gudumu. N'chifukwa chake zikepe zotere amazitcha za traction.

Tiyerekeze chikepe cholemera 2,000 kg chonyamula anthu okwana 1,600 kg. Chitsulo chija nthawi zambiri amachipanga kuti chilingane ndi chikepe kuphatikiza pafupifupi theka la katundu, ndiye kuti 2,800 kg. Chikepe chikadzaza ndi 3,600 kg. Mota ikulimbana ndi kusiyana kokha, 800 kg basi! Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri: zikatsala pang'ono kulingana, chala chimodzi chimaipendeketsa.

Mu 1979 Otis inatulutsa Elevonic 101, yoyendetsedwa ndi microprocessor, ndipo nthawi ya ma relay inayamba kutha. Autotronic anasiya kuipanga, koma gudumu, zingwe ndi chitsulo chija zikadalipo m'nyumba zazitali mpaka lero.

Tsono nayi ntchito yanu. Chikepe chathu chija chili chopanda munthu ndipo chikutsika. Kodi mota ikugwira ntchito yopepuka kapena yolemetsa? Yambani mwaona mbali imene yalemera.